Loya timuyeze ndi mayeso, osati ndi dzina la koleji

Nkhaniyi inabuka ku Chinkhoma, tili pamthunzi kudikira kuti fodya alowe mu okushoni. Mlamu wanga wa ku Chamama anangotchula mocheza kuti mabelo ake a chaka chino ali ndi mwini kale, onse ndi a fizi ya mwana wake wamkazi amene ali m'chaka chachitatu cha maphunziro a zamalamulo pa koleji ina yapulaiveti ku Lilongwe. Mkulu wina amene anapuma pa ntchito ya ukalaliki wa kukhothi anaseka mpaka kupukuta misozi. "Achimwene," anatero, "ndalama zimenezo bwenzi mutagula ng'ombe ziwiri ndi ngolo. Loya amachokera ku Zomba. Enawa ndi ongovala masuti." Pomwepo anthu anagawanika, ena kuvomereza, ena kunena kuti mkuluyo watsalira m'nthawi ya Kamuzu. Mkangano womwewu ndimaumva pa wailesi, ndimauonanso pa Facebook nthawi zonse zotsatira za mayeso a maloya zikatuluka: akuti makoleji apulaiveti akuthira madzi mu ntchito yolemekezeka, ndipo boma liwachepetse kapena liwatseke kumene.

Ndiyambe ndaulula kuti mtsikanayo ndi mwana wa mlongo wanga, ine ndiye malume wake, ndipo pa fizi imeneyo ndimaponyapo kangachepe. Choncho musanditenge ngati wongodutsa. Koma maganizo anga sakuchokera ku chibale chokha, ndipo ndi awa: makoleji apulaiveti ophunzitsa malamulo asatsekedwe, ophunzira ake asanyozedwe, ndipo aliyense wofuna kuvala mkanjo ayezedwe pa chipata chimodzi cholimba, chomwe sichifunsa kuti munthu anagona hositelo iti. Ndikuwonjezera kuti amene tikufunika kwambiri ana amenewa ndife a ku Kasungu, Mchinji ndi maboma ena akumidzi, kuposa a ku Blantyre amene amafuula kuti maloya achuluka.

Tisanapite patali, ulemu wa ku Zomba tiupereke, chifukwa sunagwe kumwamba. Kwa zaka zambiri Chancellor College, yomwe inasamukira ku Zomba mu 1973, ndiyo yokha inkaphunzitsa digiri ya zamalamulo m'dziko muno. Malo anali ochepa, olowako anali osankhika, ndipo majaji ndi maloya ambiri amene timawatchula ndi ulemu lero anadutsa kumeneko. Mkulu wa ku Chinkhoma uja anagwira ntchito zaka zake zonse akuona anthu amenewa, ndiye sindimudabwa. Komabe njira ya ku Zomba nayo inachita kuyamba. Orton Chirwa, Mmalawi woyamba kukhala loya, anavomerezedwa ku London mu 1958, ndipo mayi Vera Chirwa anatsatira mu 1966. Palibe amene amati awiriwa anali ongovala masuti chifukwa chosadutsa ku Zomba. Ndipo tikumbukire zimene zinawachitikira: atagwidwa mu 1981, anaweruzidwa m'bwalo la mafumu momwe loya sankaloledwa kuimira munthu, n'kulamulidwa kuti aphedwe mu 1983. Dziko lino linalawapo kale moyo wokhala ndi maloya ochepa, omangidwa manja, ndipo sunali wokoma. N'chifukwa chake ndikamva munthu akunena mopepuka kuti tichepetse ophunzira malamulo, mtima wanga umayamba wakayika.

Mfundo yoyamba ya otsutsa ndi yakuti maphunziro a ku pulaiveti ndi osapsa. Akuti aphunzitsi ambiri ndi aganyu, amabwera madzulo atatopa ndi milandu yawo; laibulale ndi kachipinda ka mashelefu atatu; ndipo koleji singalephereretse wophunzira amene akuibweretsera ndalama. Zina mwa izi n'zoona, sindingabise. Mwana wa mlongo wanga anandiuzapo za semesita ina imene mphunzitsi anasowa masabata atatu, kenaka n'kudzawapanikiza Loweruka kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, ati kubweza nthawi. Buku lofunika limakhala limodzi, kalasi yonse n'kumadalira fotokope ya fotokope, zilembo zina zosawerengeka. Koma taonani pamene mfundoyi imaterera. Digiri payokha simuveka munthu wigi. Pali bungwe la National Council for Higher Education, lokhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2011, lomwe limayendera makoleji ndi kuvomereza maphunziro awo. Pali khonsolo yoona za maphunziro a zamalamulo. Ndipo womaliza ku pulaiveti amayenera kukadutsa ku Malawi Institute of Legal Education, kulemba mayeso a kumeneko, asanakaime pamaso pa Jaji Wamkulu kuti avomerezedwe. Ngati mwana ndi wosapsa, sefa imeneyi imugwira. Anthu akamagawana pa Facebook nkhani yakuti ambiri alephera mayeso amenewa, amaiona ngati umboni wakuti makoleji atsekedwe. Ine ndimaiona ngati umboni wakuti sefayo ilibe chibowo. Pa Chinkhoma pomwepo, wogula fodya safunsa ngati belo lachokera ku esiteti ya bwana kapena pa kamunda ka mlamu wanga. Amasolola tsamba, amaliyang'ana, n'kutchula mtengo.

Za aphunzitsi aganyuzo nazonso zili ndi mbali yachiwiri imene otsutsa saitchula. Munthu amene wachokera kukhothi masana amalowa m'kalasi ndi fumbi la mlandu weniweni. Mtsikana wathu anaphunzira za belo kwa loya amene m'mawa wa tsiku lomwelo anali atakanizidwa belo ya kasitomala wake, ndipo anawafotokozera mwatsatanetsatane pamene anaphonya. Anabwera ku holide akuseka kuti kwathu kuno tikudziwa belo la fodya lokha, pomwe belo inayo ndi ufulu wolembedwa m'malamulo oyendetsera dziko. Ponena za laibulale, zinthu zasinthako. Zigamulo zambiri za makhothi athu zili pa intaneti, pa MalawiLII, ndipo aliyense atha kuziwerenga ulere. Mlandu wa Kafantayeni wa mu 2007, umene unathetsa zoti aliyense wopezeka wolakwa pa kupha munthu azingolamulidwa kuphedwa popanda kumva zifukwa zochepetsera chilango. Mlandu wa Mayeso Gwanda wa mu 2017, wogulitsa majumbo amene anamangidwa m'mbandakucha akupita kumsika wa Limbe n'kugwetsa gawo la lamulo la vakabu. Chigamulo cha pa 3 February 2020 chomwe chinafafaniza chisankho cha pulezidenti: zonsezi mwana wa ku Zomba ndi wa ku pulaiveti amaziwerenga pa foni, mawu ake omwewo. Vuto lalikulu la wophunzira wa lero ndi bandulo ndi magetsi, ndipo awiriwa sasankha koleji.

Mfundo yachiwiri ndiyo imandikwiyitsa, ngakhale ndiyesetsa kuinena mwachilungamo. Akuti maloya achuluka, ntchito kulibe, ndipo kuchulukana kumabala umbava, chifukwa loya wanjala amadya ndalama za kasitomala. Kuti maloya ena amadya ndalama za anthu n'zoona, ndipo bungwe la maloya la Malawi Law Society limalandira madandaulo otere. Koma amene amatchulidwa pa nkhani zoterezi si ochokera ku pulaiveti okha. Ponena za kuchuluka, ndikupempha wonena zimenezo abwere Lolemba m'mawa adzakhale pa benchi ya khothi la majisitireti pa boma la Kasungu. Adzaona wapolisi woimira boma, majisitireti, womasulira, ndi munthu woimbidwa mlandu ali yekhayekha, atapinda manja kumbuyo. Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu oposa 800,000 m'boma lino. Gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko limati womangidwa aonekere kukhothi pasanathe maola 48, ndipo ali ndi ufulu woonana ndi loya. Loya wake uti, kwa munthu wa ku Chulu kapena kwa Santhe? Khothi lalikulu lili ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 130, ndipo maofesi a maloya ambiri ali komweko, kumene thiransipoti yokha imatha mtengo wa thumba la chimanga. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la zantchito n'kuletsa utenanti, koma pitani m'minda ya fodya mukafunse kuti ndi angati amene akudziwa zimenezo, kapena amene anapeza wowalembera kalata bwana atawathamangitsa opanda kanthu fodya atagulitsidwa. Lamulo la chuma cha masiye la mu 2011 limati kulanda katundu wa mayi wamasiye ndi mlandu, komabe malata amasasulidwa maliro asanathe n'komwe. Malamulo a malo a mu 2016 anabweretsa zolembetsa ndi makomiti zimene ngakhale mafumu ena akuzifunsabe. Zaka zapitazi a Legal Aid Bureau, bungwe la boma lopereka maloya kwa osauka, anapempha aphungu kuti alole othandizira maloya awo kuimira anthu m'makhothi a majisitireti, a Malawi Law Society n'kukana. Kaya inu munali mbali iti, mkangano wotere sungabuke m'dziko limene maloya achuluka.

Wina anena kuti, chabwino, koma ana amenewa akamaliza sadzabwera ku Kasungu, adzathinana ku Area 3 ndi pa Victoria Avenue ngati anzawo. Poyamba inde, adzatero. Koma madzi akadzaza dambo amafuna kolowera. Zaka za m'mbuyomu, mankhwala ena ndi sikelo ya ku chipatala chapulaiveti tinkazitsata ku Lilongwe. Lero zili pa boma pano ndi pa Nkhamenya, chifukwa ophunzira ntchitozo anachuluka ndipo m'tauni munadzaza. Chinanso, si aliyense wophunzira malamulo amene amatsegula ofesi yake. Ena amakhala mamajisitireti, ena amalowa ku khonsolo, ku ofesi ya zantchito, ku mabanki, ku mabungwe a alimi kumene makontirakiti a fodya ndi soya amasainidwa ndi chala anthu asanawerengeredwe.

Apa ndi pamene ndikufika pa mfundo yachitatu, ya moyo wa pakoleji, ndipo ndikhalitsapo pang'ono. Otsutsa amati koleji ya m'nyumba ya lendi, yopanda bwalo la mpira, yopanda holo yochitira mitsutso, si yunivesite. Ndipo ophunzira amadzulo ndi a kumapeto kwa sabata, amene masana ali pantchito, akuphwanya mwambi uja wakuti mapanga awiri avumbwitsa. Ndinapitako kukamuona mtsikana wathu. Amakhala atatu m'chipinda chimodzi cha lendi, matiresi pansi, mbaula pakhonde, thumba la ufa wochokera ku Chamama pakona, ndi chingwe chopachikapo masuti awiri a pa kaunjika amene amabwerekana pa tsiku la khothi yoyeserera. M'mawa ndi kabaza mpaka pa siteji, kenaka minibasi. Magetsi akazima amasonkhana kwa mnzawo amene ali ndi sola, aliyense ndi milandu itatu yoti afotokozere anzake, ndipo wobwera asanawerenge amagula zigege za gulu lonse. Kuti akusowa kanthu kena kamene mnzake wa ku Zomba amapeza, sindikana: kukhala pakati pa ophunzira za mbiri, zachuma ndi zisudzo kumanola munthu m'njira imene silembedwa pa satifiketi. Ngakhale zili choncho, tisadzinamize kuti aliyense wa ku yunivesite yaboma amagona m'hositelo. Ambiri a ku Zomba amachita lendi ku Chikanda, mbaula yake yomweyo. Ndipo kalasi ya mwana wa mlongo wanga ili ndi chuma china. Muli wapolisi amene waimira boma pa milandu zaka zambiri, muli kalaliki wa kukhothi, muli woyang'anira ndende, muli mphunzitsi wa ku sekondale wa ana anayi. Buku likanena kuti womangidwa amauzidwa ufulu wake, wapolisi uja amakweza mkono n'kufotokoza mmene zimakhalira pa kauntala usiku wa Lachisanu. Anthu amenewa sakanatha kusiya ntchito ndi mabanja kukakhala zaka zinayi pakoleji yogonera konko. Akamaliza amabwerera ku mapolisi, ku ndende ndi ku makhothi a m'maboma, malo enieni amene munthu wamba amakumana ndi lamulo. Ngati kuvumbwa kwake ndi kumeneku, avumbwe ndithu.

Mfundo yachinayi ndiyo yolemera kuposa zonse, ndipo pa iyoyi ine ndi mkulu wa ku Chinkhoma tikuyenda limodzi mpaka pakati pa njira. Akuti makoleji amenewa ndi bizinesi. Indedi ndi bizinesi, ndipo nthawi zina yopanda chisoni. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, fizi inakwera mabanja asanapume. Mtsikana wathu anabwezedwapo pakhomo la chipinda cha mayeso chifukwa cha ngongole yochepa, ndalama ya fodya ili m'njira, ndipo anandiimbira akulira: "Amalume, andiuza kuti ndidzalembe chaka chamawa." Tinathamanga, ndinagulitsa mbuzi ziwiri pamtengo wozizira, analemba pepala lotsatira, lophonyalo n'kudzalipira padera. Zikwangwani za m'mbali mwa msewu zimaonetsa ana atavala mikanjo akumwetulira, koma chikomekome cha mkuyu, ndipo pali makolo m'dziko muno amene analipira zaka zinayi n'kudzamva pamapeto kuti maphunzirowo anali asanavomerezedwe. Zimenezi ndi zoipa. Koma mankhwala ake ndi kukakamiza makoleji kunena zoona poyera. Koleji iliyonse ilamulidwe kuika pa chikwangwani chomwecho, ndi zilembo zazikulu mofanana, ngati maphunziro ake a zamalamulo ndi ovomerezeka, komanso kuti chaka chatha ophunzira ake angati analemba mayeso a uloya ndipo angati anakhoza. Imene ikulembetsa ana popanda chilolezo, imeneyo itsekedwe ndipo ibweze ndalama, pamenepo sinditsutsa. Yotsalayo ilole mlimi kulipira motsatira nyengo yokolola, pakuti eni makoleji akudziwa bwino kuti ndalama ya ku Kasungu imabwera pakati pa April ndi August. Ndipo bungwe lopereka ngongole kwa ophunzira, lomwe linakhazikitsidwa mu 2015, liziona mwana wa ku pulaiveti yovomerezeka ngati Mmalawi wosowa, osamuyesa mwana wa bwana.

Pajatu ena amati pulaiveti ndi ya olemera. Olemera enieni sawavutikira makoleji amenewa. Mwana wawo amayambira pa Mtunthama pomwepa, ku Kamuzu Academy, kenaka ndege, ku South Africa kapena ku England, n'kubwera ndi digiri yake kudzalemba mayeso omwewo. Mukatseka koleji ya ku Lilongwe, ameneyo simunamukhudze. Amene mwamutsekera ndi mwana wa mlimi amene anakhoza bwino Folomu 4 pa sekondale yoyendera, malo a ku yunivesite yaboma n'kumuthera.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikanakonda makoleji apulaiveti atachita, ndipo akanachita akanatseka pakamwa onyoza onse. Azitumiza ophunzira awo ku makhothi a m'maboma pa holide iliyonse, ndipo aziwayesa luso lofotokoza lamulo m'chinenero cha kwawo. Maphunziro onse ndi a m'Chingerezi, zolemba za khothi ndi za m'Chingerezi, koma wodzagogoda pa ofesi adzalankhula Chichewa, kapena Chitumbuka akachokera cha ku Nkhamenya. Mwana wa mlongo wanga anakhala masabata awiri pa benchi ya kumbuyo kukhothi la pa boma, mwa kufuna kwake. Chimene anabwera nacho sichinali m'mabuku ake. Anaona bambo wina akufunsidwa ngati akuvomera mlandu woba mbuzi, iye n'kuyankha kuti, "Eya bwana, ndinaitengadi." Kwa iye kukana kukanakhala kunama pamaso pa akuluakulu, poti mbuziyo anaitengadi, masana, anthu akuona, chifukwa mwini wake anali naye ngongole ya ganyu. Mwamwayi majisitireti anafunsitsa, n'kulemba kuti wakana mlandu. Mtsikanayo anandiuza kuti usiku umenewo sanagone, akuganiza za ena amene safunsidwa kachiwiri. Anatha sabata yonse akuyesa kupeza mawu a Chichewa omveka kwa agogo ake osiyanitsa kuvomera kuti chinthu unachita ndi kuvomera kuti ndiwe wolakwa pa lamulo. Agogowo atamva, anati, "Ndiye kuti kukhothi kukana si mwano?" Loya amene angayankhe funso limenelo bwinobwino, ine ndingamulembe ntchito osafunsa kumene anaphunzira.

Tisanabalalike pa Chinkhoma paja ndinamufunsa mkulu uja funso limodzi. Ndinati, bambo, zaka zonse munagwira ntchito kukhothi, ambiri mwa mamajisitireti amene munkawanyamulira mafayilo sanali a digiri ya ku Zomba. Anali a dipuloma ya ku sukulu ya ogwira ntchito m'boma ya ku Mpemba, ndipo majisitireti wa giredi yoyamba amatha kutumiza munthu kundende mpaka zaka 14. Munkawaimirira akamalowa, munkawatchula kuti olemekezeka. Nanga bwanji mwana amene wawerenga malamulo zaka zinayi, n'kukadutsanso mayeso ena pamwamba pake, akhale wongovala suti? Anakhala chete kanthawi, akupukusa chipewa m'manja, kenaka anati, "Tidzaona akadzakhoza." Ndinamuuza kuti pamenepo ndiye tagwirizana, chifukwa nanenso sindikupempha china.

Fodya wa mlamu wanga anagulidwa tsiku lachitatu, mabelo awiri atabwezedwa kaye kuti akasankhidwenso. Ndalama inakwana fizi ya semesita imodzi ndi lendi ya miyezi iwiri. Lamulungu lotsatira tinamuperekeza mtsikanayo pa depoti ya Kasungu ndi thumba la ufa, nyemba za m'chigoba cha mafuta ophikira, ndi mpukutu wa mafotokope a lamulo la umboni umene anaukumbatira pachifuwa, kukana kuti kondakitala auponye ku buti pamodzi ndi katundu.